ZA MKAZI WOTAYA MWAZI, NDI ZA AMAI ATHU A KU NYANJA

Mau olalikidwa ndi Mbusa pa msonkhano wa mipingo ya m'mbali mwa nyanja, ku Nkhotakota. Malembo: Marko 5:21-43.

Abale ndi alongo okondedwa, akuru a mpingo, amai a Cigwirizano, ndi inu aphunzitsi amene mwacokera ku midzi ya ku Chia, ku Sani, ku Bua ndi ku Dwangwa:

Tisanayambe tipempha kuti mutikhululukire. Mau amene tiri nao lero ndiwo a mtundu umene makolo athu sanali kunena pabwalo, pamene apongozi akhala pamodzi ndi akamwini, ndi ana ali pafupi. Anali mau a anamkungwi okha. Mwambo umenewo tiudziwa, ndipo sitiupeputsa. Koma m'zaka izi tayenda kawiri kawiri njira ya kumanda, ndipo amene tinawanyamula sanali nkhalamba, koma amai a mphamvu zao, osiya ana asanakule. Ndipo nthenda imene inawapha sitinaitchula pamaliro, tinangoti, Anadwala m'mimba nthawi yaitali. Cifukwa cace tatsimikiza mtima kuti nkwabwino makutu acite manyazi lero, koposa kuti mapewa asenzenso bokosi mawa. Tidzasankha mau athu mwaulemu, koma sitidzabisa kanthu.

Nkhani imene tawerenga inacitika m'mbali mwa nyanja, monga pano. Yesu anali atangoturuka m'ngalawa, ndipo Yairo, mkuru wa sunagoge, anampempha apite kwao, pakuti mwana wace wamkazi anali pafupi kufa. Ali m'njira, pakati pa khamu panali mkazi amene anataya mwazi zaka 12. Cuma cace conse cinatha kwa asing'anga, ndipo nthenda inangokulabe. Cilamulo ca Mose cinamuyesa wodetsedwa masiku onse a kutaya kwace, iye pamodzi ndi mphasa yace ndi pokhala pace. Motero sanalimbe mtima kuima pamaso pa Yesu monga anacita Yairo, koma anadzera kumbuyo mobisala, nakhudza cobvala cace, nacira. Akadakhoza kucoka wosadziwika. Koma Yesu anaima, nafunsa amene anamkhudza. Ndipo mkaziyo anadza ndi kunthunthumira, naulula nkhani yace yonse pamaso pa anthu, amuna ndi akazi omwe. Ndipo Yesu sanamdzudzule, koma anamutcha mwana wace, namuuza apite ndi mtendere.

Dzina la nthenda ya mkazi uja Malembo satiuza, ndipo ife sitinena kuti ndi yomweyi tirikunena lero. Koma manyazi ace tiwazindikira, ndi kutha kwa cuma cace tikuzindikira, pakuti taziona m'midzi yathu. Ndipo tiona kuti Ambuye sanalole kuti nthenda yotere ikhale cinthu ca kumbuyo, cosayenera kucitchula. Ngati Iye anaimitsa khamu lonse cifukwa ca mkazi mmodzi wotaya mwazi, ifenso tikhoza kuimitsa msonkhano uno kanthawi.

Munali mai wina mu umodzi wa mipingo yathu. Dzina lace sitidzalitchula, pakuti ana ace ali moyo. Mwamuna wace anafa m'zaka zija zoopsya, pamene Edzi inali kutha anthu ndipo kunalibe mankhwala. Iyenso anaonda, natsala mafupa okha okha, ndipo acibale anayamba kunong'onezana za kugawana ana. Koma m'caka ca 2004 Boma linayamba kugawa mankhwala a ARV kwaulere, ndipo patapita nthawi mai uyu anayamba kumwa. Anauka pamphasa, nabwerera ku dambo kukalima mpunga, nagula usipa pagombe ndi kuugulitsa, naphunzitsa ana ace anai. Tsiku lace la ku cipatala sanaliphonye, ngakhale mvula itadzaza mitsinje. Ife tonse tinali kumloza ndi cala pofuna kulimbikitsa ena.

Ndipo zitapita zaka zambiri anayamba kuona mwazi pa masiku osayenera. Anati, Ndi likodzo la m'nyanja. Namwa mankhwala a likodzo, koma sikunaleke. Ena anamuuza kuti amcita anthu cifukwa ca nsanje ya malonda. Nagulitsa mbuzi ndi matumba awiri a mpunga, napereka kwa sing'anga. Zaka ziwiri mwana wace wamkazi ndiye anali kuthira mcere m'ndiwo, ndipo a m'nyumba onse anadziwa cifukwa cace, koma panalibe wonena. M'nyumba ya mapemphero anacoka pamalo pace pakati pa amai anzace, nakhala kumbuyo pafupi ndi khomo, cifukwa ca pfungo. Pambuyo pace analeka kudza. Ife tinapita kwao, tinapemphera naye, tinamsiyira sopo ndi ufa. Koma sitinafunse, ndipo iye sananene. Pamene anamtengera ku cipatala, nam'tumiza ku Lilongwe, madotolo anacita zimene anakhoza, koma nthenda inali itafika kale ku cikhodzodzo ndi kumsana. Tinamuika m'manda nyengo ya mwera. Mlandu wa kukhala cete kumeneko sitiuika pa munthu wina. Ife tomwe tiri nao.

Akuru anati, Mbewa ya manyazi inafera ku una. Ndipo mai uyu sali yekha. Owerenga nthenda apeza kuti m'caka ca 2020 akazi oposa 4,000 m'Malawi muno anagwidwa ndi nthenda imeneyi, ndipo pafupifupi 2,900 anafa nayo. Ndiko kunena akazi 8 tsiku liri lonse, kuyambira Januwale kufikira Disembala. Dziko lathu liri pakati pa maiko amene nthendayi ipha koposa pa dziko lonse lapansi. Tsono timve cimene iri, ndi cimene tiyenera kucita.

Coyamba: nthendayi ndi yotani?

Dzina lace ndi khansa ya khomo la ciberekero. Ciberekero, m'mene mwana akhala asanabadwe, ciri ndi khomo kunsi kwace, ndipo pakhomopo pali khungu lofewa. Nthenda iyamba pamenepo. Siidza ndi ufiti, kapena ndi mdulo, kapena ndi kulumpha mankhwala panjira. Idza ndi kacirombo kakang'ono kosaoneka ndi maso, kamene madotolo akatcha HPV. Dotolo wina wa ku Germany, Harald zur Hausen, ndiye anakapeza m'zotupa za akazi odwala m'zaka za 1983 ndi 1984, ndipo analandira mphotho ya Nobel m'caka ca 2008 cifukwa ca nchito imeneyo. Tizirombo timeneti tiri mitundu yambiri. Koma mitundu iwiri, imene aiwerenga 16 ndi 18, ndiyo iyambitsa nthenda mwa akazi 7 pa akazi 10 ali onse ogwidwa nayo.

Kacirombo aka kayenda pakati pa mwamuna ndi mkazi pamene akhalira pamodzi. Ndipo apa tcherani khutu, inu amene mufulumira kuweruza: pafupifupi munthu ali yense amene anakwatira kapena kukwatiwa akomana nako nthawi yina m'moyo wace, wosadziwa. Mwamuna akasunga wosamva kuwawa, wosaona cironda. Mkazi amene sanadziwe mwamuna wina koma wace yekha akhoza kukalandira m'nyumba mwace momwe. Cifukwa cace nthendayi si cizindikiro ca ciwerewere, ndipo amene aloza mai wodwala ndi kuti, Alikulandira mphotho ya macitidwe ace, acimwira mnzace ndi kunama komwe.

Mwa anthu ambiri, 9 pa 10, thupi lokha licotsa kacirombo zisanathe zaka ziwiri, ndipo sikaonekanso. Koma mwa ena kakhalitsa, ndi kusintha khungu la pakhomo pang'ono pang'ono. Kusinthaku sikupweteka, sikuturutsa mwazi, sikuletsa mai kusinja kapena kusenza mtolo. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Kwa mkazi wa thupi lolimba papita zaka 15 kufikira 20 kusinthako kusanasanduke khansa. Taonani cifundo cimene ciri m'menemo: nthendayi ipatsa munthu zaka zambiri za kuigwira isanakule, ngati pali wina woyang'ana.

Caciwiri: cifukwa ninji amai okhala ndi HIV ayenera kufulumira koposa?

Nonse mudziwa umo ticitira ndi mpunga ukayamba kuca. Timanga nsanja m'munda, ndi kuikapo ana ndi zingwe ndi zitini, kuti mpheta zikatera aziingitse. Mpheta zidza ku minda yonse, wa mfumu ndi wa mphawi womwe. Koma pamene pali mlonda sizikhalitsa. Ndipo mlonda akadwala, nsanja nikhala yopanda munthu, mbalame zimene zikadangopitirira zikhazikika, ndi kuitana zinzace, ndipo munda utha masiku owerengeka.

Momwemonso m'mwazi wathu muli alonda, amene anamwino awatcha asilikari a m'thupi, nawawerenga ndi dzina la CD4. Nchito ya HIV ndiyo kupha alonda amenewa. Tsono HPV akafika kwa mai amene alonda ace acepa, sapirikitsidwa. Akhalitsa, ndipo kawiri kawiri ikhala mitundu ingapo nthawi imodzi. Bungwe la WHO, loyang'anira za umoyo pa dziko lonse, linena kuti mkazi wokhala ndi HIV ali pa ngozi ya khansa imeneyi kasanu ndi kamodzi kuposa mnzace wopanda HIV. Ndipo kuti zaka zija 15 kapena 20 zifupika kukhala 5 kufikira 10 pamene thupi lafoka, makamaka ngati munthu sali pa mankhwala. Cifukwa cace nthendayi iwagwira ali ang'ono, ana ao akali kusukulu.

Ndipo amai otere ndi ambiri pakati pathu. Kalembera wa m'zaka za 2020 ndi 2021 anapeza kuti pa akazi 100 a zaka 15 ndi kuposapo m'dziko muno, oposa 10 ali ndi HIV; pa amuna 100, ali 7. Ambiri a iwo ali moyo ndi mphamvu lero cifukwa ca ARV. Dziko lathu ndilo linayamba pa maiko onse, m'caka ca 2011, kupatsa mai ali yense wapakati kapena woyamwitsa wokhala ndi HIV mankhwalawa kwa moyo wace wonse, ndipo maiko ena anatsanza ife. Kodi tidzalola kuti amai amene anapulumuka ku Edzi ndi nchito yaikuru yotere atengedwe ndi nthenda imene namwino akhoza kuiona ndi maso ace isanakule? Kodi munthu aoloka Bua itasefuka, kuti akamire m'cithaphwi ca pakhomo pace?

Inu amai amene mumwa ARV, musaleke tsiku ndi limodzi lomwe, pakuti mankhwalawo abwezera alonda pansanja, ndi kucepetsa ngozi. Koma dziwani kuti saicotsa yonse. Mai uja tinanena sanaphonye mankhwala ace. Cimene cinasowa ndi kupimidwa.

Cacitatu: kupima ndi kuciza.

Kuyambira caka ca 2004 zipatala za m'dziko muno zipima amai ndi njira yosabvuta. Mai agona pa kama m'cipinda cotseka. Namwino ayang'ana khomo la ciberekero ndi nyali, napakapo viniga, monga yemwe agulitsa m'sitoro, nadikira mphindi imodzi. Pamene khungu layamba kusintha payera mbuu, ndipo namwino apaona. Sadula, sasoka, saturutsa ciberekero kunja monga ena anamiza anzao pamjigo. Mwa amai ambiri sapeza kanthu, ndipo abwerera kwao ndi mtima wopepuka. M'zipatala zina muli njira yinanso, yakuti mai atenga yekha tinthu ta m'kati ndi kathonje, ndipo makina afufuza kacirombo komweko.

Akapeza poyera paja, sikuti ndi khansa iai. Ndi cenjezo lace. Namwino atenga kacitsulo kofunda, nakaika pamalopo kanthawi kosafika mphindi ziwiri, ndipo khungu lodwala lifa, lina labwino nilimera. Kawiri kawiri acita tsiku lomwelo. Cipatala ca Nkhoma cinayamba nchito yotere m'caka ca 2013, pamodzi ndi madotolo a ku Scotland, ndipo njirayo inafalikira ku zipatala zina zambiri. Mai wociritsidwa motero akhoza kuimanso ndi kubala monga kale. Pamene malo odwala akula, amtumiza kwa dotolo wodziwa kucotsa kacigawo kakang'ono ka khomolo. Msodzi wanzeru akaona mng'alu pa bwato lace, aumata pamcenga kuli bata. Sadikira kuti mwera umpeze pakati pa nyanja.

A WHO alangiza kuti mkazi wokhala ndi HIV ayambe kupimidwa ali ndi zaka 25, ndipo abwerenso zisanapitirire zaka 3 ngati anampima ndi viniga. Namwino adzakuuzani tsiku lanu, ndi kulilemba m'buku lanu la cipatala. Amene alibe HIV asati, Nkhani iyi si yanga. Ambiri amene afa nayo analibe HIV. Funsani pa cipatala ca Boma pa Nkhotakota, kapena pa St Anne's kwa abale athu a Anglican, kapena pomwe mulandira ARV, kuti akuuzeni tsiku ndi malo a kupima. Pitani muli bwino. Ndiyo nthawi yace.

Koma mukaona izi musadikire tsiku: mwazi pakati pa mwezi ndi mwezi, mwazi mutakhala ndi bambo a kunyumba, mwazi mutasiya kale kusamba, madzi oturuka a pfungo loipa osaleka, kuwawa kwa m'cinena ndi msana kosamva mankhwala. Nzoona kuti kuno ku nyanja likodzo nalo lifika ku ziwalo za amai ndi kuturutsa mwazi. Koma inu simukhoza kusiyanitsa ziwirizi muli kunyumba. Alekeni anamwino aone. Ngati ndi likodzo, mankhwala ace alipo. Ngati ndi khansa yoyamba kumene, madotolo akhoza kuicotsa ndi opaleshoni, munthu nakhala moyo.

Cacinai: mau kwa amuna.

Abambo, nthendayi ikhala m'thupi la mkazi, koma njira yace idzera kwa ife. Inu amene mutsata usipa kucokera gombe lina kunka lina, ndi kukhala miyezi osafika kwanu. Inu amene mukhala ku mizere ya nzimbe nyengo ya kudula. Inu amene muuza mai wogula nsomba kuti ndalama zokha sizikwanira: dziwani kuti cimene mutola kumeneko mucitula pamphasa ya amace a ana anu, ndipo cidzaonekera zaka 10 zitapita, inu mutaiwala. Kukhala ndi mkazi mmodzi ndiko kumcinjiriza. Kondomu icepetsa ngozi, koma siitha yonse, pakuti kacirombo aka kakhala pakhungu. Mdulidwe wa amuna nao ucepetsa. Ndipo amene akwatitsa mwana wamkazi asanakhwime amuika pa ngozi yoposa, popeza kacirombo kamfika msanga, nikakhala ndi zaka zambiri za kugwira nchito yace.

Tamva amuna ena alikuti, Mkazi wanga asaonedwe ndi munthu wina. Kodi pamene anali kubala mwana wanu woyamba munaletsa azamba? Mukamletsa lero kwa namwino mmodzi m'cipinda cotseka, mawa adzamuona ambiri, pomsambitsa ndi pomnyamula. Mpatseni ndalama ya ulendo; ngati nkutheka mperekezeni, mukhale pabenchi panja. Ndipo akamciza ndi kacitsulo kaja, adzamuuza kuti agone padera monga milungu 4 kapena kuposapo, kufikira pacironda papola. Masiku amenewo musamkakamize, musam'nenere mau opweteka, ndipo musapite kwina. Mwamuna amene sakhoza kupirira mwezi umodzi cifukwa ca moyo wa mkazi wace, adzapirira bwanji zaka za kulera ana amasiye?

Cacisanu: mau kwa aphunzitsi ndi makolo.

Kumbukirani kuti m'nkhani tinawerenga muli akazi awiri. Wina anadwala zaka 12. Winayo, mwana wa Yairo, anali wa zaka 12. Yesu anathandiza wamkuru panjira, koma sanaiwale wamng'ono kunyumba. Ana a msinkhu umenewo ali m'manja mwanu tsiku ndi tsiku, ndipo kwa iwo kuli cinthu cimene amai ao analibe, ndico katemera.

Katemera wa HPV anayamba kuperekedwa m'maiko ena m'caka ca 2006. Kuno anamuyesa poyamba ku Rumphi ndi ku Zomba kuyambira 2013, ndipo mu Januwale 2019 Boma linamfikitsa ku dziko lonse, kuyambira ndi atsikana a zaka 9. Aperekedwa kwaulere, pamkono. Nchito yace ndiyo kuphunzitsa alonda a m'thupi nkhope ya mdani asanafike. Cifukwa cace apatsa ana ang'ono, a zaka 9 kufikira 14, pakuti katemera saciza munthu amene kacirombo kamlowa kale. Mtsikana amene anabadwa ndi HIV asowa kubayidwa kawiri, ndipo ngati nkutheka katatu. Aphunzitsi ndi makolo amene adziwa mwana wotere amthandize mwakacetecete, osamcititsa manyazi pa anzace. Ndipo wolandira katemera adzayenerabe kupimidwa atakula, popeza katemera satseka mitundu yonse.

Tidziwa zimene zinenedwa m'midzi: kuti katemerayu atseka mimba, kuti ndi cizindikiro ca Woipayo, kuti aphunzitsa ana cibwana. Tsiku limene alangizi a zaumoyo afika pasukulu, ana ena athawira kucinangwa, otumidwa ndi makolo ao. Abale, atsikana amene analandira katemerayu m'caka ca 2006 lero ndi amai a ana. Dziko la Rwanda linayamba m'caka ca 2011, nilifikira atsikana oposa 9 pa 10 ali onse, ndipo ku Rwanda sikunaleke kubadwa ana. Funsani agogo anu akuonetseni cipsyera ca katemera wa nthomba pamkono. Nthomba inali kupha ndi kucititsa khungu m'midzi yino. Anthu anathawanso katemera wace poyamba. Koma m'caka ca 1980 kunalengezedwa kuti yatha pa dziko lonse. Ndani wa inu anaona mwana wa nthomba?

Pa 17 Novembala 2020 maiko a mu WHO, ndi lathu lomwe, anayamba nchito ya kuthetsa khansa imeneyi, napangana kuti pofika 2030 atsikana 90 pa 100 akhale atalandira katemera asanapitirire zaka 15, amai 70 pa 100 apimidwe, ndi 90 pa 100 a opezeka ndi nthenda athandizidwe. Ziwerengero zimenezo sizidzakwanira m'maofesi a ku Geneva kapena ku Lilongwe. Zidzakwanira m'kaundula wanu, mphunzitsi, pamene muwerenga maina ndi kuona amene sanabwere. Itanani makolo tsiku lisanafike, muwafotokozere zimene mwamva pano. Pitani kwa mfumu. Pitaninso kwa mashehe ndi kwa anansi athu Acisilamu, amene timwa nao madzi a nyanja imodzi, pakuti kacirombo aka sikafunsa kumene munthu apembedza. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Cacisanu ndi cimodzi: za iwo amene nthenda yakula kale.

Alipo m'midzi yathu lero lomwe, ogona m'kacipinda ka kuseri, amene ana aopa kulowamo. Kwa ena madotolo akhozabe kucepetsa nthenda ndi kutalikitsa masiku. Kwa onse kuli mankhwala oletsa ululu, monga mofini wakumwa, ndi ena ocepetsa pfungo. Anzathu a Ndi Moyo ku Salima acita nchito yotere, ndipo m'zipatala za Boma muli anamwino ophunzira kusamalira odwala osacira. Munthu asafe alikubuula cifukwa sitinapite kukafunsa. Amai a Cigwirizano, lowani m'zipinda zimenezo, mucape nsaru, mutunge madzi, mukhale pansi pafupi, osati pakhomo.

Ndipo wina asanene kwa wodwala kuti, Ukapita ku cipatala ulibe cikhulupiriro. Kapena, Taya ARV, wapemphereredwa. Mau amenewo aika anthu ambiri m'manda. Mkazi wa m'nkhani yathu sanakhale m'nyumba kudikira. Anauka, nayenda, napyola khamu, natambasula dzanja kumene kunali thandizo. Pempherani, ndipo mutapemphera nyamukani. Amene anapatsa dotolo nzeru ndi Yemweyo amene amva pemphero.

Tsono potsiriza tipangane zinthu zitatu, kuti mau asathere pano. Amai a mpingo uli wonse asankhe tsiku mwezi uno usanathe, apite pamodzi kukapimidwa, okhala ndi HIV ndi opanda HIV osasiyana, kuti pasakhale wolozedwa cala. Amai a kunyumba kwathu anapita kale, ndipo anatilola kuti tinene. Akuru a mpingo apatule kanthu pa copereka ca osauka, kuti mai wosowa ndalama ya ulendo asatsale, makamaka amene atumizidwa ku cipatala cakutali. Aphunzitsi afunse ku cipatala ca kufupi za tsiku la katemera, ndipo pa msonkhano wotsatira adzatiuze atsikana angati analandira ndi angati anatsala.

Ndipo inu, mai, amene mwakhala kumbuyo lero pafupi ndi khomo, amene mwamva mau awa ndi mtima wogunda cifukwa mudziwa cimene muona pa nsaru zanu: sitikudziwani dzina, koma tikupemphani, musatuluke monga munalowa. Mapemphero atatha gwirani dzanja la mai mmodzi amene mumkhulupirira, mumuuze zonse. Simuli wodetsedwa; ndinu mwana wa m'nyumba muno, ndipo ana anu akufunani. Ife tinakhala cete kamodzi, ndipo tinakumba manda, sitifuna kuteronso.

Mulungu wa cifundo atipatse makutu akumva, ndi miyendo ya kufulumira, ndi pakamwa posacita manyazi ndi coonadi; asunge amai athu ndi ana athu akazi, alimbitse manja a anamwino, natonthoze iwo amene alira. Amen.